Utsi wa ku Britain unapita kuti? Momwe mungawerengere nokha ziwerengero zake

Chaka chilichonse, kawirikawiri mu Febuluwale, unduna woona za chilengedwe, chakudya ndi ulimi kuno ku Britain, umene anthu amangouti Defra, umatulutsa ziwerengero za utsi ndi fumbi limene dziko lino lataya mumlengalenga. Lipotilo likangotuluka, nyuzipepala zimagawikana. Ina imalemba kuti mpweya wayera kuposa kale lonse, ina imati mbaula za nkhuni zikutitha. Onsewo amakhala atapa pa tsamba limodzi, ndipo palibe amene wanama. Kenako nkhanizo zimafika m'magulu athu a pa WhatsApp, anthu n'kumakangana mpaka usiku, uyu akuti ULEZ, ndondomeko ya ku London yolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, ndi njira yongotibera ndalama, uyo akuti ana akudwala mphumu chifukwa cha magalimoto.

Ine ndine makaniko wa magalimoto a dizilo ku Sheffield. Mwaye ndimaugwira ndi manja tsiku lililonse, ndiye ziwerengero zimenezi ndimakonda kuziwerenga ndekha osadikira mtolankhani. Sizifuna digiri ayi. Chofunika n'kudziwa poyang'ana, ndiponso kusakhutira ndi mzere umodzi wa chiwerengero chonse, chifukwa mzere umenewo ndi umene umapusitsa anthu. Fumbi la mumpweya silinatsike chifukwa anthu anasintha mtima. Linatsika chifukwa magwero ake akuluakulu anatsekedwa limodzilimodzi, lililonse pa nthawi yake, ena ndi lamulo, ena ndi ndalama za boma, ena chifukwa fakitale inagwa anthu n'kuchotsedwa ntchito.

Dziwani kaye chimene akuwerenga

Pa intaneti lembani mawu akuti Emissions of air pollutants in the UK, musankhe tsamba la gov.uk lonena za particulate matter. Mupeza mayina awiri, PM10 ndi PM2.5. Nambalazo zikunena kukula kwa tizidutswa ta fumbi. PM10 ndi tizidutswa tosapitirira ma micrometre 10 m'mimba mwake, PM2.5 ndi tosapitirira 2.5. Tsitsi la munthu ndi la ma micrometre pafupifupi 70, ndiye mungathe kundandalika tizidutswa ta PM2.5 pafupifupi 30 kuti tidutse tsitsi limodzi mopingasa. Fumbi lokulirapo limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, mumalitsokomola n'kulavula. Laling'onolo limatsika mpaka kunsi kwa mapapo, lina n'kulowa m'magazi, ndipo ndi limene madokotala amalitchula akamanena za matenda a mtima, sitiroko ndi chifuwa chosatha. PM2.5 ili kale m'kati mwa PM10, musaphatikize ziwirizo.

Tsamba limeneli limanena matani amene atuluka m'dziko lonse pa chaka. Silikunena kuchuluka kwa fumbi limene mukupuma pakhomo panu. Icho ndi chiwerengero china, tichipeza kutsogoloku.

Komanso musaganize kuti pali munthu amene amayenda ndi sikelo pa chumuni chilichonse. Amatenga kuchuluka kwa malasha, dizilo, gasi ndi nkhuni zimene zawotchedwa, makilomita amene magalimoto ayenda, ntchito zomanga zimene zachitika, n'kuchulukitsa ndi chiwerengero choyerekeza cha fumbi limene chinthu chilichonse chimatulutsa. Kaundula wake amamutcha National Atmospheric Emissions Inventory. Pa malasha a pa siteshoni yamagetsi mawerengedwewa amakhala olimba, poti bogi iliyonse ya sitima inkalembedwa. Koma pa nkhuni zimene munthu watola kuthengo kapena mapaleti akale amene wapatsidwa kuntchito, palibe risiti. Zimenezi zisungeni m'mutu.

Mukatsegula galafu yoyamba, muona kuti kuchokera mu 1970 mpaka pano PM10 ndi PM2.5 yemwe zatsika ndi pafupifupi 80 peresenti kapena kupitirira. Mzerewo umatsetsereka kwambiri kumayambiriro, n'kudzayamba kugona chamtsogolo. Ambiri amathera pomwepa. Inu pitirirani.

Galafu imayamba mochedwa

Chaka cha 1970 ndi pamene kaundula akuyambira, koma nkhondo ya utsi inali itafika kale patali. Kuti mumvetse kutsetsereka koyambako, muyenera kudziwa za Disembala 1952. Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 mwezi umenewo ku London kunazizira kwambiri, mphepo kunalibe, mpweya wofunda unali pamwamba pa wozizira, ndiye utsi unasowa kokwerera. Nyumba iliyonse inkasonkha moto wa malasha, ndipo ambiri anali malasha achabechabe, odzaza sulufule, chifukwa abwino ankagulitsidwa kunja kuti dziko lipeze ndalama nkhondo itatha. Chifunga chinasakanikirana ndi utsiwo mpaka mabasi anaima, maambulansi anaima, ng'ombe zimene zinabwera kuchionetsero cha ziweto cha Smithfield zina zinafa. Poyamba anati anthu pafupifupi 4,000 amwalira. Ofufuza a pambuyo pake anakweza chiwerengerocho kufika cha m'ma 12,000.

Kuchokera pamenepo kunabwera lamulo la Clean Air Act la 1956. Linapatsa makhonsolo mphamvu yolengeza madera amene chumuni cha nyumba sichiloledwa kufuka utsi, amene mpaka lero amatchedwa smoke control areas. Anthu akamakamba za lamuloli amakonda kutchula chiletsocho basi. Ine gawo limene ndimaliona kuti linagwira ntchito ndi la ndalama. Boma ndi khonsolo ankalipira gawo lalikulu la mtengo wosinthira malo osonkhera moto m'nyumba, mwininyumba n'kuwonjezera pang'ono. Mukanangouza mayi wa ana asanu kuti asiye malasha popanda kumupatsa china chowotha, akanasonkha usiku apolisi atagona.

Mu 1968 kunabwera lamulo lina lokhwimitsa loyambalo. Linalola nduna kukakamiza makhonsolo ozengereza, ndipo linalimbikitsa zumuni zazitali pa mafakitale. Chumuni chachitali sichichepetsa utsi, chimangouponya kutali, ndiye pa galafu ya matani simuchiona, ngakhale anthu apafupi anapuma bwinoko.

Chimene chinamaliza malasha m'nyumba ndi gasi. Atamupeza pansi pa nyanja ya North Sea m'zaka za m'ma 1960, pakati pa 1967 ndi 1977 amisiri anayenda khomo ndi khomo kusintha zophikira ndi zotenthetsera kuti zizigwiritsa ntchito gasi ameneyu. Mapaipi a madzi otentha analowa m'zipinda. Palibe amene anafuna kubwerera kowola phulusa m'mamawa m'nyengo ya chisanu. Sitima zoyendera malasha nazo zinasiya kuyenda pa njanji zikuluzikulu mu Ogasiti 1968.

Kuno ku South Yorkshire zinachedwerapo m'midzi ya migodi, pa chifukwa chomveka. Wogwira ntchito mumgodi ankalandira malasha ngati mbali ya malipiro ake, ndiye kumuuza kuti agule gasi kunali kumudula malipiro. Achikulire amene amabwera ndi magalimoto awo ku galaja amasimba kuti mayi ankayang'ana kaye kumene mphepo ikuchokera asanayanike zovala. Mukamayenda m'tauni muno kwezani maso pa nyumba zakale zamiyala zimene sanazitsuke. Mwala wake ndi wotuwa mwachibadwa, kuda mukuonako ndi mwaye.

Dulani mzerewo, gwero ndi gwero

Pansi pa galafu yoyamba pali ina imene imagawa fumbi potengera kumene lachokera, ndipo palinso tebulo loti mutsitse n'kutsegula pa kompyuta. Apa ndi pamene pali ntchito. Tengani gwero limodzi, mulitsatire kuyambira kumanzere mpaka kumanja, ndipo paliponse pamene latsika mwadzidzidzi mudzifunse kuti kodi chinthucho anachiyeretsa, anachisinthanitsa ndi china, kapena chinangotsekedwa.

Masiteshoni amagetsi anadutsa zonse zitatu. Kuyeretsa kunali kwa makina otchedwa electrostatic precipitator: utsi umadutsa pakati pa malata okhala ndi mphamvu yamagetsi, phulusa limamatirira pa malatawo, kenako amawagogoda phulusalo n'kugwera pansi. Kusinthanitsa kunachitika m'zaka za m'ma 1990, makampani amagetsi atathamangira kumanga masiteshoni a gasi. Kutseka kunayamba kale, Battersea ya ku London inazima mu 1983, koma malasha sanachoke msanga. Mu 2012 ankaperekabe pafupifupi 40 peresenti ya magetsi a dziko lino. Siteshoni yomaliza ya malasha, Ratcliffe-on-Soar pafupi ndi Nottingham, inatsekedwa pa 30 Seputembala 2024.

Mzere wa mafakitale a zitsulo muuwerenge mosamala, makamaka ngati muli ndi chizolowezi choombera m'manja chilichonse chotsika. Ng'anjo zowotchera malasha za ku Orgreave, kunja kwa Sheffield kuno, zinatsekedwa mu 1990. Fakitale ya zitsulo ya ku Redcar inagwa mu 2015, chaka chomwecho mgodi womaliza wakuya, Kellingley, unatseka zipata. Ng'anjo zikuluzikulu za ku Port Talbot zinazima mu 2024. Fumbi linatsika, n'zoona. Koma anthu a kuno sanasiye kugula zitsulo, simenti ndi mafiriji. Zambiri tsopano zimapangidwa kumayiko ena, ndipo kaundulayu amawerenga zotuluka m'malire a dziko lino zokha. Gawo lina la kutsikako ndi utsi umene unangosamuka.

Pali kakutsika kena kakang'ono kamene kamandisangalatsa, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa mzere wa ulimi. Alimi a tirigu ndi balere ankatentha ziputu m'minda akakolola, monga momwe kwathu anthu amayatsira mapesi posula. Mu 1993 mchitidwewu unaletsedwa ku England ndi Wales, ndipo gwero limenelo linangofafanizika.

Za ekizozi, pamene ndimadyera

Mzere wa magalimoto suli ngati enawo. Sugwa kamodzin'kamodzi, umatsika pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo chifukwa chake n'chakuti lamulo limakhudza galimoto yatsopano yokha. Yakale imayendabe mpaka itatha. Ndiye mukaona chaka cha lamulo, musayembekeze kuti mzerewo uthyoke pomwepo. Zotsatira zake zimaoneka pa zaka khumi kapena kupitirira.

Malamulowo ndi amene timati ma Euro. Pa galimoto yaing'ono ya dizilo, Euro 1 ya mu 1992 inkalola magalamu 0.14 a mwaye pa kilomita. Euro 2 ya 1996 inatsitsa kufika 0.08, Euro 3 ya 2000 kufika 0.05, Euro 4 ya 2005 kufika 0.025. Mpaka pamenepa opanga injini ankakwanitsa pokonza mawotchedwe a mafuta, mapampu amphamvu, mainjekita opopera bwino. Euro 5 ya 2009 inati 0.005, ndipo apa luso la injini lokha linathera. Panafunika sefa, imene ku galaja timangoti DPF.

Mukaidula pakati, DPF imaoneka ngati chisa cha njuchi. Ndi mbiya yowotcha yokhala ndi timabowo tambirimbiri tatitali, ndipo kabowo kalikonse n'kotseka mbali imodzi, aka kutsogolo, koyandikana nako kumbuyo. Utsi ukalowa sungatulukire kumapeto, umakakamizika kudutsa m'khoma la kabowo kupita ku kabowo kena. Mpweya umadutsa, mwaye umatsala. Sefayo ikayamba kudzaza, kompyuta ya galimoto imathira mafuta owonjezera kuti ekizozi itenthe kufika madigiri pafupifupi 600, mwayewo n'kupsa. Kasitomala akamakayikira ndimamuuza kuti apise chala m'paipi ya ekizozi injini itazizira. Pa dizilo yakale chala chimatuluka chakuda bii. Pa galimoto ya DPF yabwino chimatuluka ndi kadzimbiri basi, ngakhale galimotoyo itayenda mamailosi ambirimbiri. Chikatuluka chakuda, sefa inang'ambika kapena wina anaichotsa.

Zonsezi sizikanatheka mafuta akanapanda kuyeretsedwa. Sulufule amawononga zida zimenezi ndipo nayenso amapanga fumbi. Anamutsitsa m'dizilo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pofika 2009 malire anali magawo 10 okha pa miliyoni.

Chodabwitsa pa mzere umenewu n'chakuti unkatsika pa nthawi imene magalimoto a dizilo ankachuluka. Kuyambira 2001 msonkho wa galimoto unayamba kutengera mpweya wa carbon dioxide, dizilo n'kuoneka yotchipa, mpaka panafika zaka zimene pafupifupi theka la magalimoto atsopano linali la dizilo. Mwaye unatsikabe. Chimene sichinatsike momwe analonjezera ndi mpweya wa nitrogen dioxide, ndipo apa ndi pamene mikangano ya pa WhatsApp imasokonekera. Nkhani ya mu 2015 ya kampani ya Volkswagen, imene inkabera pa mayeso a utsi, inali ya mpweya umenewo, osati mwaye. ULEZ ya ku London, imene inayamba mu Epulo 2019 n'kufalikira mzinda wonse mu Ogasiti 2023, ya £12.50 pa tsiku ija, komanso madera olipiritsa a ku Birmingham ndi kuno ku Sheffield, cholinga chake chachikulu ndi nitrogen dioxide. Wina akakuonetsani galafu ya PM2.5 n'kumati onani ULEZ sinachite kanthu, kapena onani ULEZ yayeretsa mzinda, mufunseni kuti akuyeza chiyani.

Tsopano yang'anani pa tebulo lija mizere ya mabuleki, matayala ndi kuperepeseka kwa msewu. Imeneyi sinatsike. Lero pa fumbi lonse lochokera ku magalimoto, loposa theka silituluka m'ekizozi. Ndikavula tayala lakutsogolo, limu yonse imakhala ndi fumbi lakuda la mabuleki, ndipo lomamatiralo ndi lochepa poyerekeza ndi limene lauluka. Tayala limene mwagula lili ndi mano akuya n'kudzalibweza lili pululu, mphira wakeyo anapita kwinakwake. Galimoto yamagetsi imasunga mabuleki chifukwa mota imathandiza kuimitsa, koma ndi yolemera, matayala amadyekabe. Bungwe la EU laika malire a fumbi la mabuleki mu Euro 7, koma ndi nkhani yamtsogolo, pa galafu siinafike.

Pamene mzere wagona

Magwero akuluakulu atatha, otsala ndi ang'onoang'ono omwazikana: mabuleki ndi matayala aja, fumbi la pomanga nyumba ndi misewu, mafakitale owotcha zinyenyeswa za mitengo, ndi moto wa m'nyumba. Moto wa m'nyumbawu ndiye wabwerera ndi nkhope ina. Si malasha a osauka ngati kale, ndi mbaula zachitsulo zokhala ndi chitseko chagalasi, zimene zinafika m'fasho m'zaka za m'ma 2000. Ambiri mwa eni ake ali ndi gasi kale, motowo ndi wongosangalatsa maso madzulo. Kafukufuku amene boma linachititsa anapeza kuti nyumba pafupifupi 8 mwa 100 zokha ndi zimene zimasonkha moto m'kati, koma nyumba zochepazo zimatulutsa PM2.5 wopikisana ndi wa magalimoto onse.

Apa ndi pamene nkhani ya risiti ija imabwerera. Lipoti la mu 2021 linapereka chiwerengero cha 38 peresenti ya PM2.5 yense ku nkhuni zowotchedwa m'nyumba, ndipo nyuzipepala zinachilengeza kwambiri. La mu 2022 linati nkhuni za m'nyumba zikupereka 17 peresenti. Anthu sanazimitse mbaula zawo m'chaka chimodzi. Anangopeza kuti ankayerekeza nkhuni zochuluka kuposa zimene anthu amawotchadi, ndiye anawerengeranso zaka zonse zam'mbuyo ndi njira yatsopano. Choncho musamatenge nambala ya lipoti la chaka chatha n'kuiyerekeza ndi ya chaka chino. Yerekezani zaka ziwiri za m'tebulo limodzi, la lipoti limodzi. Ndipo mukamva peresenti, kumbukirani kuti gawo la nkhuni lingakule ngakhale nkhunizo zisanachuluke, kungoti anzake achepa. Onani matani, osati peresenti yokha.

Zimene mukupuma n'zina

Kuti mudziwe za mpweya wa kwanu, pitani pa tsamba la UK-AIR. Pali mapu a makina oyezera amene ali m'mizinda, ena m'mphepete mwa msewu ngati a pa Marylebone Road ku London, ena m'malo okhala anthu, ena kumidzi. Sankhani ofanana ndi pamene mukukhala, ndipo tengani chiwerengero cha chaka chonse kwa zaka zingapo zotsatizana. Cha tsiku limodzi chimangokuuzani za nyengo. Usiku wa pa 5 Novembala, pamene dziko lonse limayatsa moto ndi makombola, makina amakwera kwambiri. Mu Epulo 2014 fumbi la ku Sahara linafika mpaka kuno, magalimoto n'kudzuka ali mbuu.

Muona kuti zimene makina akuyeza sizitsika mofanana ndi matani aja. Chifukwa chachikulu n'chakuti gawo lalikulu la PM2.5 silituluka pa chumuni lili fumbi kale, limapangika mumlengalenga. Mpweya wa ammonia, umene wambiri umachokera ku feteleza ndi ndowe za ziweto, umakumana ndi mipweya ya magalimoto ndi mafakitale n'kupanga tizidutswa. N'chifukwa chake masiku oipa ambiri amabwera mu Malichi ndi Epulo alimi akamathira m'minda, makamaka mphepo ikamachokera kum'mawa n'kubweretsanso za ku Ulaya. Mu 2020, misewu ili zii chifukwa cha Covid, nitrogen dioxide inagwa kwambiri koma PM2.5 sinagwe motero.

Poyerekezera gwiritsani nambala ziwiri. Bungwe la WHO mu 2021 linati chiwerengero cha chaka cha PM2.5 chisapitirire ma microgram 5 pa kiyubiki mita. Cholinga cha lamulo ku England ndi 10 pofika 2040. Kusiyana kumeneko kukuuzani kuti ngakhale galafu yatsika chotere, nkhani siinathe. Mu Disembala 2020 khoti lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unathandizira imfa ya mtsikana wa zaka 9 wa ku Lewisham, amene ankakhala pafupi ndi msewu wa South Circular ndipo anamwalira ndi mphumu mu 2013.

Mzere wanu pa tebulo

Mizere iwiri, wa magalimoto ndi wa moto wa m'nyumba, imadutsa pakhomo pathu, ndiye pali zochita.

Ambiri mwa anthu akwathu okhala kuno amagwira ntchito yosamalira okalamba, kuyenda nyumba ndi nyumba, mamailosi awiri apa, atatu apo, kuzimitsa injini, kulizanso. Ngati moyo wanu ndi umenewo, musagule dizilo, kaya wogulitsa akunyengerereni bwanji za kusunga mafuta. Ekizozi sifika potentha, sefa sipeza mpata wowotcha mwaye, ndipo posakhalitsa kanyali kachikasu kamayaka pa dashibodi. Ngati muli nayo kale n'kanyaliko kayaka, musadikire mapeto a mwezi. Onetsetsani kuti m'thanki muli mafuta opitirira kota, chifukwa magalimoto ambiri sayamba kuwotcha mafuta akachepa, lowani mumsewu waukulu, muyende mosaima pa liwiro loposa mamailosi 40 pa ola kwa mphindi 15 kapena 20, pa giya yoti injini izimveka pang'ono. Kanyali kakazima, mwapulumuka. Kakapanda kuzima kapena kakayamba kuphethira, bwerani nayo, chifukwa nthawi zambiri pamakhala china chimene chafa, sensa kapena valavu, ndipo sefayo ikungolira maliro a mnzake. Oyilo thirani wa phulusa lochepa amene buku la galimoto latchula. Mwaye umapsa, koma phulusa la oyilo silipsa, limangounjikana mpaka sefa kutsekeka.

Padzapezeka wina wokuuzani kuti angakuchotsereni sefayo motchipa, n'kuwotcherera chitini chake kuti chizioneka bwinobwino. Mukaneni. Kuyambira 2014 oyesa MOT, mayeso a galimoto a chaka ndi chaka, amayang'ana ngati sefayo ilipo, ndipo kuyambira Meyi 2018 galimoto ya DPF imalephera ikangoonetsa utsi kapena chizindikiro choti inasewereredwa. Chindapusa choyendetsa galimoto yotere chimafika £1,000, ndipo pa vani chimaposa pamenepo. Kwa amene mumagula malole kuno n'kuwakweza chombo kuti akatsikire ku Dar es Salaam kapena Walvis Bay, funsani kaye ngati kumene lole ikupita kuli makaniko ndi makina otha kusamalira zida zimenezi. Ikakafika n'kuichotsa sefa sabata yoyamba, ndiye kuti mwalipira mtengo wa lole yatsopano koma anthu a pa depoti azipuma utsi wa lole yakale.

Ngati mwachita lendi nyumba yokhala ndi mbaula yagalasi kapena malo osonkhera moto, yambani ndi tsamba la khonsolo yanu muone ngati muli m'dera loletsa utsi. Mizinda ikuluikulu yambiri ili m'madera otere. Mmenemo nkhuni zimaloledwa m'mbaula zokhazo zimene Defra inazivomereza, ndipo mndandanda wake uli pa intaneti. Pa moto wapoyera wa m'chipinda mumayenera kusonkha zinthu zovomerezeka zosafuka. Ku England chumuni chikamafuka mungalipitsidwe pakati pa £175 ndi £300, ndipo chindapusa chogula zosonkhera zosaloledwa chimafika £1,000. Kuwotcha nyama panja sikuletsedwa, ingoganizirani zovala za oyandikana nawo.

Kuyambira Meyi 2021 malasha wamba a m'matumba ndi nkhuni zaziwisi za m'mitolo yaing'ono sizigulitsidwanso ku England. Pa thumba yang'anani chizindikiro cha Ready to Burn, chimene chikutanthauza kuti chinyezi sichipitirira 20 peresenti. Ngati nkhuni mwadula nokha, gulani kachipangizo koyezera chinyezi, n'kotchipa. Wazani chipika pakati, mubaye timano take pa mbali imene mwangowazayo, chifukwa kunja kumauma msanga n'kukunamizani. Nkhuni zaziwisi zimafuna chaka chimodzi kapena ziwiri zili pamalo ofolera, opita mphepo. Matabwa opaka utoto, mapaleti othira mankhwala ndi zidutswa za makabati musaike pamoto.

Posonkha, zipika zazikulu pansi, tizipatso ndi choyatsira pamwamba, mpweya wotsegula. Moto ukagwira tulukani panja muyang'ane chumuni. Mukaona mpweya wongonjenjemera, zili bwino. Mukaona utsi, nkhuni n'zonyowa kapena mwautsamwitsa moto. Galasi la chitseko likamada ndi chizindikiro chomwecho. Chizolowezi chodzaza mbaula usiku n'kutseka mpweya kuti moto ugone mpaka m'mawa ndi chimene chimafukitsa kwambiri, komanso chimapaka phula m'chumuni limene tsiku lina limayaka. Itanani wotsuka chumuni kamodzi pa chaka, chisanu chisanayambe, ndipo m'chipinda cha moto mukhale alamu ya carbon monoxide. Ku England mwininyumba wochititsa lendi ndi amene ayenera kuiika, mufunseni. Mbaula ya makala imene mwawotchera nyama panja isalowe m'nyumba ngakhale makala akuoneka kuti azima. Nyumba za kuno n'zomata paliponse, mawindo a magalasi awiri, pansi pa chitseko pali mphira, mpweya wa makalawo ulibe potulukira ndipo sununkha.